Phazi Langa Lamanzere pa Lachinayi Loyera

Tiyamike, ika beseniyo apa pafupi ndi mpando. Madziwo wafunditsa? Chabwino. Iwe Madalitso, ndakuona, usabise nkhope kuseri kwa foni. Ukuseka phazi langa. Seka ndithu mwanawe, si iwe woyamba. Msana ukanandilola kuwerama bwenzi ndikusamba ndekha kuseri uko, koma ukalamba susunga chinsinsi. Bwerani nonse, ana inu, muliyang'anitsitse. Chala chachikulu chilipo, ngakhale chinapindika ngati chikufunsa njira. Chotsatira chilipo theka. Zinazo ndi tizitsa, ngati nkhalango imene owotcha makala adutsamo. Lero ndi Lachinayi Loyera, ndipo phazi limeneli lili ndi mbiri yake ya tsiku lomweli. Misa ikadali patali, khalani pansi.

Amene anadya zala zimenezi ndi matekenya. Inu simuwadziwa, munabadwira pa simenti. Ndi tizilombo tating'ono ta m'fumbi, timalowa pansi pa chikhadabo, n'kumanga nyumba, n'kuikira mazira ngati malowo ndi a makolo awo. Ndili mwana ndinkaweta mbuzi m'mapiri a kwa Kanduku konkuno, ndipo ndinkagona m'gowelo loyandikana ndi khola la nkhumba. Mnzanga wa kubusa anali Zuze, a Zuze omwewa a kutsidya kwa dambo, amene makolo awo anachokera ku Mozambiki. Ndi iwo ankandizula matekenya ndi munga, ndipo dzanja lawo linali lolemera ngati la wosula makasu. Phazi lamanja linapulumuka. Lamanzere linatukusira dzinja lonse, ndipo pamene linkapola, zala zinali zitatsanzika.

Nditakula, ganyu wanga woyamba anathera pa nsapato. Zinali zazikulu, ndinkaikamo nsanza kutsogolo, makamaka kumanzere kumene kunali malo ambiri opanda mwini. Zuze ndinamulumbiritsa kuti asadzauze munthu. Kuyambira pamenepo dzuwa silinalionenso phazi limeneli. Agogo anu aakazi, a Nambewe, ndinawafunsira ndili m'nsapato. Ukwati tinadalitsa ndili m'nsapato. Anadzaliona kale titalowa m'nyumba, ndipo anangoti, "Basi? Ine ndimayesa mukubisa ziboda."

Masiku amenewo kuno kunalibe tchalitchi cha malata chimene mukuchidziwachi. Tinali ndi katchalitchi ka udzu, belu lake linali limu la galimoto lopachika pamtengo wa mango, lomwe lija tikuimbabe mpaka lero. Wansembe ankabwera mwa apo ndi apo. Lamulungu la Kanjedza tinkapemphera konkuno ndi akatekisiti. Dzulo lake anyamata tinkatsikira kumtsinje kukadula kanjedza, ndipo ine ndinkasankha wamtali kuposa onse, kuti Ambuye polowa mu Yerusalemu asavutike kudziwa pamene ndaima ine Sitefano. Kanjedzayo sitinkataya. Tinkamutsomeka kudenga, n'kukhala pomwepo mpaka adzatenthedwe, asanduke phulusa lotipaka pamphumi poyamba Lenti ya chaka chotsatira. Taganizani, tsamba lomwelo limene unkakupiza poimba Hosana ndi limene lidzakukumbutse kuti ndiwe fumbi. Mpingo sutaya kanthu, ngati agogo anu aakazi ndi mabotolo.

Lachinayi m'mawa unali ulendo wa ku parishi. Amayi asenza ufa, mphasa, mapoto, nyemba ndi maungu. Ife amuna tanyamula ndodo ndi nkhani. Nyengo yake ndi inoyi, chimanga chitakhwima koma chisanaume, njira ili matope okhaokha, udzu wonyowa wofika m'chiuno. Tinkadya mondokwa wophika ndi mtedza wauwisi poyenda, wina n'kutithyolera nzimbe m'dimba mwake pomva kuti tikupita ku Pasaka. Kunalibe kabaza, kunalibe matola oti ukakwere pa Thambani. Inu mukayenda kuchoka pano kufika pamjigo mumati mwatopa. Ife tinkakagona m'makalasi a sukulu ya pa mishoni mpaka Lamulungu, nsikidzi za pamenepo zikuchita Pasaka wawo pa ife.

Tsono mwambo wa paulendo unali wotere. Nsapato zinali chinthu chosowa, choncho amene anali nazo ankamanga zingwe zake pamodzi, n'kuzikoleka m'khosi, n'kuyenda osavala. Pofika pa kamtsinje ka pafupi ndi mishoni, onse ankatsuka mapazi, n'kuvala, n'kulowa ngati mabwana. Ine ndekha ndinkayenda nditavala. Mitsinje ndinkawoloka nditavala. Anzanga ankalowa m'tchalitchi ndi nsapato zowala, zanga zikulira ngati achule a m'dambo. Akandifunsa ndinkati ndimaopa minga. Munthu wokulira kubusa, kuopa minga!

Madzulo a Lachinayi ndi pamene timakumbukira mgonero womaliza, pamene Ambuye anatisiyira Ukaristiya, thupi ndi magazi awo. Lero mukamvetsere bwino. Poimba Ulemu kwa Mulungu mabelu onse amalira, kenako zii, salankhulanso mpaka Pasaka. M'malo mwake amagogoda timatabwa, phokoso louma ngati la munthu amene akukhoma bokosi. Pomaliza amavula guwa nsalu zonse, n'kutsala lamaliseche, ife n'kutsala tikudikira ndi Ambuye monga m'munda muja anzawo anagona tulo. Zonsezo ndinkazikonda. Chimene chinkandiumitsa pakamwa ndi cha pakati pa Misa: benchi kutsogolo, amuna khumi ndi awiri, beseni, jagi ndi thaulo. Wansembe amavula chovala chake chapamwamba, n'kugwada, n'kusambitsa phazi la aliyense monga anachitira Ambuye kwa ophunzira awo. Ine ndinkaonera ndili kumbuyo, thukuta lili kamukamu, ngati tambala wa Petro walirira ine.

Zaka zinapita. Ndinakhala wapampando wa mphakati wathu, ndinkawerenga mawu a Mulungu pa Lamulungu, mawu anga ankamveka mpaka kumunda kwa a Zuze. Ndiye Lenti iliyonse akatekisiti ankatsamiritsa njinga yawo pamtengo uwo.

"A Sitefano, mudzi wathu atipempha munthu mmodzi wa pabenchi. Anthu atchula inu."

Ine mutu pansi, manja pachifuwa. "Aphunzitsi, ine sindili woyenera. Perekani mwayi kwa ena."

Ankapita akupukusa mutu. Mbiri inawanda kuti kwa Kanduku kuli munthu wodzichepetsa wosaneneka. Ndinatchuka nako kudzichepetsako, ana inu, ndinkakuvala ngati jekete. A Nambewe ankangomvetsera akupeta mphale. Mlendo akangokhota pa ngodya ya khola, ankati, "Sitefano woyera wa sokosi, mutipempherere ife."

Lachisanu Loyera ndiye linkandipanikiza kwina. Tsiku limenelo kulibe Misa, nyama sitidya, akuluakulu timasala. Timayenda Njira ya Mtanda padzuwa, kugwada pamiyala, osasankha pofewa. Kenako timamva nkhani yonse ya masautso, n'kupita mmodzimmodzi kukapsompsona mtanda. Mwambo wake ndi kuvula nsapato, pakuti pamene ukupitapo ndi poyera, monga Mose pa chitsamba chija. Apo sindikanakana. Nsapato ndinkavula, koma sokosi ayi. Kumanzere ndinkavala ziwiri, n'kuikamo thonje kutsogolo kuti zioneke ngati muli zala. Ndinkagwada pamaso pa Munthu amene anamuvula zonse pagulu, mapazi ake ali pamtunda ndi msomali, ine ndikudera nkhawa thonje langa kuti lingasunthe. Musaganize kuti ndinkanamizira. Mapazi akewo ndinkawapsompsona ndi mtima wonse, misozi ikutuluka. Kungoti ubatizo wanga unkaoneka kuti unalekezera m'kakolo.

Tsono inafika nyengo imene a Nambewe anayamba kudwala mtima. Iwe Tiyamike unali usanayambe sukulu, munkakhala ku Blantyre ndi amayi anu, Sesiliya. Miyendo ya agogo anu inatupa, khungu likunyezimira ngati lifuna kung'ambika. Ndinkawasambitsa ndine, m'beseni lomweli. Chaka chimenecho tchalitchi cha malata chinali chitatha, ndipo analengeza kuti kwa nthawi yoyamba bambo mfumu adzachita Misa ya Lachinayi Loyera konkuno kwathu. Tsiku lina ndikuwapukuta miyendo, anandifunsa.

"Bambo a Sesiliya, akatekisiti anabwera?"

"Anabwera."

"Munawayankha chiyani?"

"Monga mwa masiku onse."

Anapuma movutikira. "Miyendo yangayi mukuiona mmene ilili. Ndimakupatsani tsiku ndi tsiku. Mukuyesa ine ndilibe manyazi? Chaka chino Misa ili pakhomo, ndikhoza kufika. Za chaka chamawa sindikudziwa. Ndikufuna ndikuoneni pabenchi paja."

"A Nambewe, nanga anthu..."

"Petro anakana kusambitsidwa kamodzi kokha. Atamuuza kuti akapanda kusambitsidwa alibe gawo ndi Ambuye, anapereka ndi mutu womwe. Inu mwakana mpaka imvi. Mwamuposa Petro."

Mkazi amene sanandipemphepo ngakhale chitenje chatsopano cha Khirisimasi anali atapempha chinthu chimodzi. M'mawa mwake ndinapita kwa akatekisiti kukavomera, ndipo anatsala pang'ono kugwa panjinga.

Koma musayese kuti ine agogo anu ndinapita kubenchiko opanda nzeru. Zaka zonse zoonera ndili kumbuyo zija ndinali nditaona kuti wansembe amasambitsa phazi limodzi lokha, ndipo amuna amapereka lamanja. Ndinati basi, lamanzere likhala m'nsapato mwake, a Nambewe asangalala, akatekisiti asangalala, Ambuye nawonso sadandaula. Vuto linali lakuti lamanjalo linali ndi zikang'a, ming'alu yoti mukhoza kudzalamo mapira. Ndinati phazi loti likaimire banja lonse liyenera kuwala. Titangoweruka pa Lamulungu la Kanjedza ndinatsikira kumtsinje ndi mwala wokhakhala. Kukwecha m'mawa, kukwecha madzulo. Anzanga akukonza mitima, akupita kokalapa, ine ndikukonza chidendene. Lachiwiri ndinaona kuti mwala ukuchedwa, ndinatenga lezala kuti ndichisende ngati mbatata. Dzanja linaterereka.

Lachitatu phazi linadzuka lotupa, lofiira, likugunda ngati ng'oma. Wa kabaza ananditengera kuchipatala ku Thambani. Anamwino anatsuka balalo, n'kulimanga bandeji mpaka m'kakolo.

"Agogo, limeneli lisakhudze madzi sabata lathunthu. Mwamva? Ngakhale dontho."

"Nanga akakhala madzi a kutchalitchi?"

"Ngakhale a mu Yorodano, agogo."

Nditafika kunyumba, a Nambewe anaona bandejiyo, ndinawafotokozera, ndipo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndinachita kuwapatsa madzi. "Mwadzitsekera nokha khomo lakumanja," anatero. Ine ndinayamba kuzungulira: kuti mwina nditume mwana kwa akatekisiti, kuti munthu wa bandeji sangakhale pabenchi, kuti aliyense amvetsa. Kuseka kunatha. "Chifukwa chokanira mwachipeza tsopano, chenicheni," anatero. "Sindikukakamizani." Anatembenukira kukhoma.

Ndikanakonda akanandikalipira. Ndinakhala pamphasa, ndipo maso anga anagwa pampando. Panali chitenje chawo cha mpingo ndi duku, zosita bwino. Anali atapempha mayi woyandikana nafe kuti awasitire ine ndili kuchipatala. Munthu amene ankalephera kufika pakhomo la khitchini anali atakonzeka ulendo wa kutchalitchi. Mwana uja sindinamutume.

Lachinayi dzuwa litapendeka, wa kabaza anawanyamula a Nambewe pang'onopang'ono, amayi awiri akuwagwirira m'mbali. Ine pambuyo ndi ndodo, kumanja patapata ndi bandeji, kumanzere nsapato yopolisha. Anawakhazika pampando kutsogolo, mbali ya amayi. Itakwana nthawi, anatiitana pabenchi. Ndinapezeka ndakhala pafupi ndi a Zuze, ngati kuti mavuto anga anali ochepa. Anayang'ana pansi, n'kundinong'oneza.

"Achimwene, ndiye mupereka liti? Lovulala kale kapena lovulala dzana?"

"Khalani chete, tili m'tchalitchi."

"Ine ndikungofunsa. Lakalelo ndi ntchito ya manja anga, ndili ndi ufulu."

Kwaya inayamba nyimbo. Bambo mfumu anali wachinyamata, msinkhu wa amalume anu. Anamanga thaulo m'chiuno, n'kuyamba kuyenda ndi maondo kuchokera kumapeto kwa benchi. Ndinkamva madzi akugwera m'beseni, kufupikira, kufupikira. Ndinawerama kumasula chingwe cha nsapato ngati ndikumasula mbuzi ya eni. Nsapato inachoka. Sokosi yoyamba inachoka. Pochotsa yachiwiri, thonje lija linagwa, n'kugubuduka pa simenti. A Zuze, osayang'ana n'komwe, anatambasula phazi lawo n'kuliponda. Ndinawakhululukira za munga uja nthawi yomweyo.

Phazi linatuluka lotuwa ngati chinangwa chosenda. Ndinatsinzina, ndikudikira kuti tchalitchi chonse chiti haa! Kapena mwana wina aseke ngati Madalitso. Ndinangomva manja awiri akulinyamula. Madzi anali ozizira. Bambo mfumu sanathamange nalo. Anatsuka chala chopindika chija, anatsuka chatheka, anapitiriza pa tizitsa tonse, kamodzikamodzi, ngati akuwerenga ana a m'nyumba kuti pasasowe wina. Anapukuta. Kenako anawerama n'kulipsompsona, pamalo pomwepo pamene palibe zala. Anasunthira kwa a Zuze.

Ana inu, ndakhala ndikulandira Ukaristiya kuyambira ndili mnyamata, ndipo ndimakhulupirira kuti ndi Ambuye. Koma tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kumene Mulungu amakhala akamatifuna. Ine ndinkamuyang'ana kumwamba, nditakweza kanjedza wamtali. Iye anali pansi, pa simenti, akudikira phazi limene sindinkafuna kumupatsa. Nditatsegula maso ndinayang'ana kwa a Nambewe. Anali atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira. Ndikuganiza kuti ankachita zonse, anali mayi wodziwa kugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi.

Titatuluka ndinawakokera a Zuze pambali.

"Mwaona? Palibe amene wadabwa."

"Adabwe chiyani? Mudzi wonse umadziwa."

"Mudzi wonse? Inu munalumbira!"

"Ndinalumbira, eya. Ndinangouza mkazi wanga yekha, chaka chimene tinakwatirana. Iyenso anangouza anzake a kuchitsime okha."

Akatekisiti anali ataima pafupi, akumanga mabuku pa keliyala ya njinga. Ndinawafunsa ngati nawonso ankadziwa. "A Sitefano," anatero, "mukuyesa ndinkabwereranji kwanu chaka ndi chaka? Odzichepetsa tinali nawo ambiri, ena okhala pafupi ndi msewu." Pambuyo pake ndinamva kuti ngakhale ana a sukulu ankanditchula kuti a Sokosi. Ndinaganiza za nsapato zonse zimene ndinaziwoletsa m'mitsinje, kubisa chinthu chimene chinali kale nkhani yakale pachitsime. Zikanaveka mphakati wathu wonse.

Mawa lake, Lachisanu, ndinapita kumtanda lamanzere lili pamtunda, lamanja m'bandeji, ndikutsimphina mbali zonse ziwiri. Simenti inali yozizira bwino. Loweruka a Nambewe sanathe kudzuka. Ife tinasonkha moto watsopano panja pa tchalitchi, bambo mfumu anayatsirapo kandulo wamkulu wa Pasaka, kuwala n'kumayenda kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake mpaka mdima unasowa pokhala. Poimba Ulemu kwa Mulungu, limu lija la pamango linalira ngati lakhala likusunga mawu chaka chonse, amayi nthungululu, Aleluya amene tinamuika m'thumba Lenti yonse n'kutuluka. A Nambewe anati analimva ali pamphasa, ndipo anayankha Aleluya okha m'nyumba.

Sabata limenelo ndinamva mawu amene ndinawawerengapo ndekha kambirimbiri pamaso pa anthu: kuti Ambuye atauka anaonetsa ophunzira manja awo ndi mapazi awo. Anauka ndi mabala omwe. Amene anagonjetsa imfa sakanalephera kutseka timabowo ta misomali, koma anatisiya, ndipo ndi timene anzawo anawazindikira nato. Ine ndime imeneyo ndinkaiwerenga mokweza, nditavala sokosi ziwiri.

Agogo anu aakazi anatisiya m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho, manachesi atapsa m'mitengo. Masiku awo omaliza, ndikuwasambitsa, ndinawafunsa chifukwa chimene anaumirira za benchi ija, poti anthu onse ankadziwa kale. Anati, "Anthu ankadziwa, eya. Koma phazi limenelo ndi limene linakwera mapiri kudzandifunsira, ndi limene linkathamanga ndi Sesiliya kuchipatala. Linkandimvetsa chisoni kuti ilo lokha silinalowepo m'tchalitchi."

Taonani, ndalankhula mpaka madzi azizira. Palibe kanthu Tiyamike, a tsiku lija anali ozizira kuposa awa. Iwe Madalitso, ukufuna kulijambula? Jambula, koma ulitenge mbali yabwino, anzako asanene kuti agogo ako sadzisamala. Ukatha undibweretsere patapata, nsapatozo zisiye pansi pa bedi. Limu likangolira tinyamuke, ine ndimayenda ngati kamba ndipo sindifuna kukapeza ataimba kale Ulemu kwa Mulungu.

Ayi mwanawe, osati limenelo. Yamba ndi lamanzere. Linadikira nthawi yaitali.